Mapazi Amene Timasiya M'kompyuta



Sabata ino tifuna tisinkhesinkhe pa nkhani imene siimveka kawirikawiri pa guwa kapena pa misonkhano ya mphakati, ngakhale kuti imakhudza ulemu wa munthu ndi mbiri yake. Ambiri mwa ife kuno ku Chigumula tilibe kompyuta yathuyathu. Tikafuna kufunsira malo ku sukulu za ukachenjede kudzera ku NCHE, kupempha ngongole ya maphunziro, kutumiza kalata yofunsira ntchito kapena kusindikiza nyimbo za kwaya, timabwereka laputopu ya achimwene, timapempha kompyuta ya ku ofesi, kapena timakwera minibasi kupita ku Limbe kukalipira mphindi zingapo m'sitolo yotayipa ndi kusindikiza makalata. Tikamaliza timatseka tsamba, n'kudzuka, n'kumaganiza kuti zathera pomwepo. Chonsecho kompyuta ija yasunga zambiri za ife, monga momwe ikusungiranso za amene adakhala pampandopo ife tisanafike. Funso lathu lili pawiri: kodi imasunga chiyani, nanga mkhristu akapezamo za mnzake achite nazo bwanji?

Zimene zimalembedwa ife osadziwa

Pulogalamu imene timatsegulira masamba a pa intaneti imatchedwa browser. Okulirapo pakati pathu akukumbukira Internet Explorer ya m'ma internet cafe a ku Limbe ndi mumzinda wa Blantyre m'zaka za m'ma 2000, imene kampani ya Microsoft idaipumitsa mu June 2022. Lero ambiri timagwiritsa ntchito Chrome, Firefox, Edge, Opera kapena Safari. Maina ndi osiyana, koma khalidwe ndi limodzi: pofuna kutitumikira mwachangu, browser imalemba zochita zathu m'mafayilo amene amakhala m'kompyuta momwemo. Siichita zimenezi mwa nkhanza ayi. Idapangidwa motero kuti tisavutike kulemba kapena kudikira chinthu chimodzimodzi kawiri.

Loweruka lina, kwaya itamaliza kuyeserera nyimbo za Misa, mnzathu wina amene akuphunzira za makompyuta adatikhazika pansi n'kutsegula laputopu yake yomwe kuti tidzionere tokha. Adadina mabatani awiri, Ctrl ndi H, ndipo pomwepo padatuluka mndandanda wotchedwa history: tsamba lililonse limene iye adatsegula, tsiku lake, ola lake ndi mphindi yake. Adatiuza kuti zimene zikuoneka pagalasizo ndi kachigawo chabe. Mkati mwa kompyuta ya Windows, m'foda yobisika yotchedwa AppData, Chrome imasunga fayilo ya dzina loti History, pamene Firefox imasunga yake yotchedwa places.sqlite. M'mafayilo amenewa mumalembedwa kuti tsamba lakutilakuti munthu walitsegula kangati, komanso ngati adachita kulemba yekha adiresi yake kapena adangofikako podina pa tsamba lina. Mumapezekanso mawu amene adafunsa pa Google ndi maina a zinthu zimene adakoperamo. Chrome imasunga kaundula ameneyu kwa masiku 90, ndipo Firefox imatha kumusunga nthawi yaitali kuposa pamenepo.

Chachiwiri chimene adationetsa ndi cache. Tikatsegula tsamba, browser imasunga zithunzi ndi zidutswa zina za tsambalo, kuti tikabwererako isachite kukazitenganso kutali. N'chinthu chothandiza kwa ife amene timatapa bandulo mosamala ngati mchere wa kumapeto kwa mwezi. Koma zikutanthauzanso kuti chithunzi chimene munthu adangochiona kwa kamphindi chikhoza kukhala chikadali m'kompyutamo patapita masiku ambiri.

Chachitatu ndi ma cookies. Adawayambitsa mu 1994 ndi Lou Montulli, amene ankagwira ntchito ku kampani ya Netscape ku America. Vuto lidali lakuti tsamba la pa intaneti silinkatha kuzindikira ngati munthu amene wabwera tsopano ndi yemwe uja adabwera mphindi yapitayo. Taganizirani za kabuku ka kuchipatala. Adokotala amalembamo, ife n'kukatenga kupita nako kunyumba, ndipo tikabwerera amakawerenga n'kudziwa za ife popanda kutifunsanso zambiri. Cookie imagwira ntchito chomwecho. Ndi kachidutswa ka mawu ka zilembo zosapitirira 4,000 kapena kuposerapo pang'ono, kamene tsamba limalemba, browser n'kusunga, n'kumakaonetsa nthawi iliyonse tikabwererako.

Apa ndi pamene pagona ngozi yaikulu. Tikalowa pa Facebook kapena Gmail ndi pasiwedi yathu, tsambalo limapatsa browser cookie imene ili ngati kiyi wa pakhomo. Kutseka tsamba sikubweza kiyiyo. Amabwezedwa pokhapokha tikadina Log out kapena Sign out. Tikadzuka tisanatero, wobwera pambuyo pathu safuna pasiwedi, amangokankha chitseko n'kupezeka ali m'kati mwa makalata athu.

Chachinayi ndi zimene timalemba m'mafomu: dzina, nambala ya foni, adiresi, ngakhalenso pasiwedi ngati tidavomera pamene browser idatifunsa kuti iisunge. Pasiwedi yosungidwa motero ikhoza kuwerengedwa ndi aliyense amene akudziwa nambala yotsegulira kompyutayo. Chachisanu ndi nkhokwe zikuluzikulu zotchedwa Local Storage ndi IndexedDB, zimene mnzathu uja adazitsegula podina F12. M'menemo ndi momwe masamba monga WhatsApp Web, imene idayamba mu 2015, amasunga zowazindikiritsa kuti kompyuta iyi idalumikizidwa ndi foni yakutiyakuti. Munthu akhoza kukwera minibasi, kufika kwawo ku Chigumula, kudya nsima n'kugona, uku mauthenga ake akufikabe pa kompyuta imene adaisiya ku Limbe.

Kaundula wosadziwa chifukwa

Titaona zonsezi tidakhala chete kwa kanthawi. Aliyense ankakumbukira mafunso amene adafunsapo makina amenewa usiku, mafunso amene sadafunsepo amayi ake, mphunzitsi wake kapena bambo mfumu. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Pa intaneti phazi lomwelo limasanduka mlomo, pakuti limatha kuyankhula za mwini wake iye kulibe.

Komatu pali chinthu chimodzi chimene kaundula ameneyu salemba, ndicho chifukwa. Amadziwa kuti nthawi ya 11 koloko usiku wina adafunsa za zizindikiro za mimba yongoyamba kumene. Sadziwa ngati wofunsayo adali mtsikana wogwidwa ndi mantha, wophunzira za unamwino amene akukonzekera mayeso, kapena mlongo amene akufuna kuthandiza mng'ono wake. Amadziwa kuti wina adafufuza za mankhwala a ma ARV. Sadziwa ngati ndi mwana amene akusamalira kholo lodwala. Amadziwa kuti mnyamata wina adatsegula kambirimbiri masamba a kubetcha pa mpira. Sadziwa kuti usiku womwewo adalira n'kulonjeza Mulungu kuti asiya. Mwina wina wakhala akuwerenga mwakachetechete za seminale ya Kachebere kapena za chipani china cha asisitere, ndipo sanafike pokonzeka kuuza makolo ake za maitanidwe amene akuwamva mumtima. Ngakhale chinthu chabwino chotere chikaululidwa nthawi yake isanakwane chikhoza kufota, monga mbande yozulidwa pa nazale isanakhwime.

Makolo athu akudziwa bwino kuti zimene munthu amawerenga zikhoza kumuika m'mavuto. Pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika m'Malawi mudawerengedwa kalata ya maepiskopi athu, mmodzi mwa iwo Ambuye James Chiona a arkidayosizi yathu ino ya Blantyre. Patangopita masiku ochepa boma la nthawi imeneyo lidalengeza kuti kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo kudasanduka mlandu. Makina osindikizira mabuku a ansembe a Montfort ku Balaka adatenthedwa. Anthu ankabisa pepala ngati akubisa mfuti, poopa mnansi amene angakawanenere. Si zodabwitsa kuti malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994, pa gawo 21, adateteza ufulu wa munthu wokhala ndi zinsinsi zake, kuphatikizapo makalata ndi mauthenga ake. Pambuyo pake padabwera lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, limene limaletsa kulowa m'zosungidwa za pa kompyuta popanda chilolezo, ndi la Data Protection Act la 2024. Ufulu umene makolo athu adauvutikira pamaso pa boma, kodi ife tilandane tokhatokha pa kompyuta ya ku ofesi?

Chofunda cha Semu ndi Yafeti

Malembo Oyera, m'buku la Genesis mutu 9, amatisimbira za Nowa chigumula chitatha. Nkhalambayo idalima mphesa, idamwa vinyo, idaledzera n'kugona m'hema mwake ili yosavala. Mwana wake Hamu adaona, natuluka kukauza abale ake. Semu ndi Yafeti atamva, adatenga chofunda, nachiika pa mapewa awo, nalowa chafutambuyo, nafunditsa bambo awo nkhope zawo zitayang'ana kumbali. Kuona kwa Hamu mwina kudali kwangozi, monga momwe ife timangopezera tsamba la mnzathu lili lotsegula. Chimene chidasiyanitsa anawo ndi zimene adachita pambuyo pake.

Tsono tiyerekeze kuti takhala pa kompyuta ya gulu lathu, ndipo tangolemba chilembo chimodzi, browser n'kutionetsa zimene adafufuza mnzathu dzulo. Kapena tapeza makalata a mlembi wa mphakati ali pambalambanda. Pamenepo pali njira ziwiri. Ya Hamu ndi yosavuta masiku ano: kuwerenga mpaka pansi, kujambula ndi foni, kutumiza ku gulu la WhatsApp, ndipo dzuwa lisanalowe nkhani yafika pa msika wa Chigumula, yakwera minibasi mpaka ku Bvumbwe. Ya Semu ndi Yafeti ndi iyi: kuchotsa maso, kudina Log out m'malo mwa mwini wake, ndi kumunong'oneza pambali kuti, "Achemwali, mudaiwala kutseka makalata anu, ndakutsekerani." Basi. Osaonjezerapo kumwetulira kwa munthu wodziwa kanthu.

Mpingo umaika nkhani imeneyi pansi pa lamulo lachisanu ndi chitatu. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2477, amatchula machimo atatu owononga mbiri ya munthu: kuweruza mopupuluma popanda umboni wokwanira, kuulula zolakwa za wina kwa anthu amene sankazidziwa popanda chifukwa chomveka, ndi kunamizira. Tionetsetse kuti tchimo lachiwirilo limachitika ngakhale zimene tikunenazo zili zoona. Ambiri timadziteteza ponena kuti, "Komatu ndidaona ndi maso anga." Hamu nayenso adaona ndi maso ake. Ndime yotsatira imatipempha kuti zochita za mnzathu tiyambe tazimasulira mokomera iyeyo, ndipo tikakaika timufunse mwini wake mwachikondi. History ya browser, imene siidziwa chifukwa cha chilichonse, ndi umboni wosakwanira kuweruzira nawo munthu.

Mpingo womwewu umatipatsa chitsanzo chachikulu cha kusunga chinsinsi. Wansembe saloledwa kuulula zimene wamva m'sakramenti la Kulapa pa chifukwa china chilichonse, monga momwe lamulo 983 la malamulo a Mpingo limanenera. Mwambo wa Mpingo umakumbukira Yohane Woyera wa ku Nepomuk, amene adaponyedwa mumtsinje wa Vltava ku Prague mu 1393, ngati wansembe amene adakana kuuza mfumu zimene mfumukazi idalapa. Ife sitiri ansembe, ndipo kompyuta si malo olapirako. Komabe anthu ambiri amauza makinawa mantha awo, matenda awo ndi mayesero awo. Amene wazipeza mwangozi azigwire ndi manja onjenjemera, pokumbukira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pamene kukhala chete kuli kulakwa

Tisamvane molakwika. Kufunditsa mnzathu sikutanthauza kubisa choipa chimene chikuwononga moyo. Tikaona kuti wina akufufuza njira zodzichotsera moyo, chikondi chimatituma kupita kwa iye tsiku lomwelo, kukhala naye, ndi kuitana wamkulu amene angathandize. Tikaona zizindikiro zoti mwana akuchitidwa nkhanza kapena akunyengereredwa ndi munthu wamkulu, tiuze makolo odalirika, bambo mfumu, ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, kapena tiimbe nambala ya 116 yothandiza ana. Kusiyana kwake n'koonekeratu: nkhani tikuipereka kwa amene angapulumutse munthu, osati kwa amene angamuseke.

Makolo nawonso ali ndi udindo woyang'anira ana aang'ono pa zimene akuona pa foni ndi pa kompyuta. Tikuwapempha kuti azichita zimenezi poyera, mwana akudziwa, ndipo akapeza chodetsa nkhawa ayambe ndi funso asanafike pa chikwapu. Mwana amene wafufuza chinthu usiku nthawi zambiri amakhala kuti adasowa womufunsa masana.

Kutseka pakhomo pathu

Kusamala zinsinsi zathu n'kuthandizanso mnzathu kuti asalowe m'mayesero. Tikamagwiritsa ntchito kompyuta ya eni ake, titsegule zenera lachinsinsi, limene pa Chrome limatchedwa Incognito ndipo limatseguka podina Ctrl, Shift ndi N. Njira imeneyi idayamba ndi Safari mu 2005, Chrome n'kutsatira mu 2008. Tikatseka zeneralo, history ndi ma cookies a nthawi imeneyo zimafufutika. Koma tidziwe malire ake: mafayilo amene takopera, monga chiphaso cha MSCE kapena chithunzi cha chitupa cha unzika, amatsalabe m'foda ya Downloads mpaka titawachotsa tokha, ndipo mwini netiweki komanso eni masamba amene tatsegula amaonabe kuti tidafikako. Browser ikatifunsa kuti isunge pasiwedi, tikane. Tisalumikize browser ya eni ake ndi akaunti yathu ya Google, chifukwa ikhoza kukokera m'kompyutamo ma pasiwedi ndi history yathu yonse. Tisanadzuke tidine Log out, kenaka Ctrl, Shift ndi Delete kuti tifufute zotsala. Tikafika kunyumba titsegule WhatsApp pa foni, tione pa Linked devices, n'kuchotsa kompyuta iliyonse imene si yathu. Amene amasunga kompyuta ya gulu, achite bwino kupatsa aliyense khomo lakelake lolowera.

Kufufuta ndi kukhululukidwa

Pomaliza tiyang'ane mumtima mwathu. Mabatani atatu aja amatha kufufuta kaundula wa miyezi itatu m'kuphethira kwa diso, ndipo n'chapafupi kuti mkhristu ayambe kuganiza kuti chimene chafufutika pagalasi chafufutikanso m'moyo. Mlandu suola. Chizolowezi chimene chidatitengera ku tsamba loipa chimatsala, manyazi amatsala, ndipo ndalama imene idapita pa kubetcha siibwerera. Atate amene amaona zobisika safuna fayilo ya History kuti atidziwe. Koma Iwo amadziwa chimene makina sadziwa: chifukwa chake, kufooka kwathu, misozi yathu ndi kuyesetsa kwathu. Makina amasunga osamvetsa, ndipo amafufuta osachiritsa. M'sakramenti la Kulapa timakumana ndi Amene amamvetsa zonse, nakhululuka, natipatsa mphamvu yoyambanso.

N'chifukwa chake tikupempha kuti sabata ino aliyense achite ntchito yaing'ono iyi. Loweruka madzulo, asanakonzekere Misa ya Lamulungu, atsegule history ya pa foni kapena pa kompyuta yake, yake yokha, n'kuiwerenga pang'onopang'ono pamaso pa Mulungu monga momwe timadzifufuzira mumtima tisanakalape. Kodi maola anga adapita kuti? Kodi ndidafufuza chiyani ndili wosungulumwa? Kodi pali funso limene ndakhala ndikufunsa makina, pamene lidayenera kupita kwa mlangizi, kwa adokotala kapena kwa wansembe? Carlo Acutis, amene adabadwira ku London mu 1991 n'kumwalira ku Monza mu 2006 ali ndi zaka 15, adagwiritsa ntchito kompyuta posonkhanitsa mbiri ya zozizwitsa za Ukaristia, ndipo pa 7 September 2025 Papa Leo XIV adamulengeza kuti ndi woyera. Makina ake adali a mtundu womwewu, osunga mapazi a mwini wake. Mapaziwo ankaloza ku tabernakulo.

Pa msonkhano wa mphakati sabata ino tikambirane mafunso awiri. Kodi ndi nkhani zingati zimene zidagawanitsa magulu athu chifukwa wina adaona za mnzake pa foni kapena pa kompyuta n'kuzifalitsa? Nanga tingagwirizane mfundo zotani pa kagwiritsidwe ntchito ka makina amene timabwerekana?

Tipemphere. Atate achifundo, Inu mumadziwa njira zathu zonse, zoonekera ndi zobisika, ndipo simutichititsa manyazi. Yeretsani maso athu ndi zala zathu. Tipatseni mtima wa Semu ndi Yafeti, kuti tikapeza mbale wathu ali pambalambanda timufunditse, ndipo tikamupeza ali pangozi tithamange kukamupulumutsa. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.

Carlo Acutis Woyera, mutipempherere ife.